Wotchi Yonama ya Khomo Lopapatiza

A Sajeni anapuma ntchito yaupolisi zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma anthu sanawapumitse. Yunifolomu anabweza, dzina linatsala. Ngakhale kutchalitchi, komwe ankaimba alito kuyambira ali mtsikana, abusa akafuna bata ankangoti, “A Sajeni, tathandizani,” ndipo nyumba yonse ya Mulungu inkangoti zii.

Lolemba masana akutsuka mbale, Namwino analowa osaodira. Namwinoyu anali mwana woyamba wa malemu Aphunzitsi a kwaya. A Sajeni anamuberekapo kumsana ali wakhanda, ndipo ankadziwa kuti mtima wake ndi wabwino, kungoti umathamanga kuposa mutu.

“Amayi, atibera.”

“Khala pansi kaye, mwananga. Wakubayo sapita patali chifukwa choti iwe wakhala pampando. Aba chiyani?”

“Nyimbo za bambo. Zonse. Sanasiye ndi imodzi yomwe.”

A Sajeni anaika mbale pansi pang'onopang'ono. Aphunzitsi anapeka nyimbo zoposa zana limodzi pa zaka makumi atatu. Mapepala ake anadyedwa ndi chiswe kalekale, ndiye manotsi onse anatsala mu kompyuta ya m'kashopu kawo kotaipa ndi kusindikiza. Lamulungu likubweralo linali la mapemphero okumbukira kuti patha chaka chimwalirireni, ndipo kwaya inayenera kuimba nyimbo yawo yomaliza, imene inali isanaimbidwepo.

“Ukuganizira ndani?”

“Sindikuganizira, ndikudziwa. Ndi alamu anga, mayi a mapasa. Loweruka m'mawa kunabwera bambo wina wa situdiyo kudzafuna kugula nyimbozo. Lero ndapita kuti tisindikize ya Lamulungu, foda ili mbee! Ndipo kompyuta yalemba yokha nthawi imene zinachotsedwa: Loweruka, teni koloko ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Nthawi imeneyo m'shopu anali yekha. Chikomekome cha mkuyu, amayi! Ndamuuza kuti Lachitatu atule makiyi, ndipo nkhaniyi ndikaitula kwa akulu a mpingo.”

“Iye akuti chiyani?”

“Akungolira. Munthu wosalakwa salira choncho.”

“Ine ndaona akuba akuseka ndi oyera mtima akulira. Nanga amayi ako akuti chiyani?”

Namwino anadzambatuka, nagwira manja a a Sajeni onyowawo.

“Asamve! Ndikugwirani mwendo. Magazi awo amathamanga, ndimawayeza ndine. Akamva kuti nyimbo za amuna awo zatayika, tiika maliro achiwiri.”

A Sajeni anavala wotchi yawo, imene anawapatsa tsiku lotsanzikana ku polisi. Munthu akamaweruzidwa Lachitatu, Lolemba si tsiku logona.

* * *

Kashopuko kanali kopapatiza, pakati pa wometa ndi nyumba yosungiramo simenti. Munali fungo la inki ndi mapepala otentha. Kukhoma kunali chithunzi cha Aphunzitsi atakweza dzanja ngati akupereka kiyi ya nyimbo. Mayi a mapasa anakhala pansi pa chithunzicho, maso ali psuu.

“Ine za makompyuta sindizidziwa,” anatero a Sajeni, akukoka mpando. “Undiphunzitse ngati wa sitandade wani.”

Mayi a mapasa anapukuta mphuno, nazimitsa kompyutayo, kenaka n'kuyatsanso.

“Kompyutayi ndi imodzi, amayi, koma mkati mwake muli nyumba ziwiri. Bambo a mapasa ndi amene anaigawa. Ntchito zamasiku ano zimafuna sisitimu yatsopano, koma pulogalamu imene apongozi ankalembera manotsi imakana kuyenda mu yatsopanoyo. Ili ngati nkhalamba yokana kusamuka. Ndiye yakaleyo tinaisiya pambali pake. Onani apa.”

Pa sikirini yakuda panaoneka mizere iwiri yoyera, ndi manambala akutsika: faifi, folo, fili.

“Mukangokhala osakhudza kanthu, imalowa yokha mu yatsopano. Mukafuna yakale, mudine batani lotsikirali manambala asanathe. Malemu ankati la pamwambalo ndi khomo lotakasuka, aliyense amangogweramo. La pansili ndi khomo lopapatiza, olipeza ndi owerengeka.”

A Sajeni anaseka mpaka misozi inalengeza. Anachita ngati akumva mawu a bambo uja.

Kompyuta inalowa pa khomo lopapatiza mochedwa, ikung'ung'udza ngati munthu wa nyamakazi. Mwadzidzidzi masipika anaphulika ndi kanyimbo kotsegulira, mpaka a Sajeni anagwira pamtima.

“Mayo! Amakwezera choncho ndani?”

Mayi a mapasa anatsitsa msangamsanga.

A Sajeni anasuzumira pa kiyibodi. Mabatani onse anali otuwa ndi ukalamba, koma pa batani lotsikira lija panali kadontho kofiira ka utoto wa m'zikhadabo. Anayang'ana zala za mtsikanayo. Utoto wake unali womwewo.

“Iwe umataipa osayang'ana n'komwe. Kadonthoka n'kothandiza ndani?”

“Ndinangodonthetsa.”

“Wadonthetsa bwino, pakati penipeni. Loweruka teni koloko unali pati?”

“Pompano. Ndinkasindikiza makalata a sukulu, ku khomo lotakasuka. Ku lopapatiza sindinalowe, Mulungu ndi mboni.”

“Bambo wa situdiyo uja?”

“Ndinamuuza kuti nyimbozo si zanga, ndipo si malonda.”

“Chasowa china m'shopu muno?”

Mtsikanayo anazengereza. “Fulashi yobiriwira. Inali m'diloo ya tebuloli.”

“Makiyi ali ndi ndani?”

“Ine ndi alamu.”

“Basi?”

Mtsikanayo anayamba kulongosola mapepala patebulo. Panja panadutsa njinga yamoto, phokoso lake n'kukazimirira kutali.

“Mwananga, Lachitatu dzina lako likawerengedwa pamaso pa akulu a mpingo. Mapasa ako akakula akumva kuti mayi awo anagulitsa nyimbo za agogo awo. Ndani wina amadziwa kulowa pa khomo limeneli?”

Mayi a mapasa anatulutsa makiyi m'thumba, nawaika patebulo mofatsa.

“Mundikhululukire, amayi. Ngati alamu akuwafuna, asadikire Lachitatu.”

* * *

Wometa anali pakati pometa mutu wa munthu wina wa dazi, koma ataona a Sajeni anakweza makina m'mwamba.

“Boma lafika! Sindinalakwe, amayi, ndipo ngati ndalakwa ndi dzulo, lero ayi.”

“Meta, usamusiye mnzako ngati munda wolima theka. Loweruka unaona chiyani apa?”

“Ine sindiona, ndimangometa. Koma galasi langali limaona zonse. Kunabwera bambo wa nsapato zosongoka, tcheni m'khosi ngati galu wa bwana. Analowa akuseka, anatuluka nkhope ngati wamwa kwinini. Mayi a mapasa anamuperekeza ndi mawu mpaka pamsewu. Ine ndinati, ameneyu akadzabwera kudzameta ndimuchotsera mtengo, wavutika kale.”

“Nthawi yanji?”

“Cha m'ma teni. Hafu leveni mayiwo anatseka, n'kumathamangira ku kwaya kwanu kuja.”

“Pambuyo pake?”

Makina anazima. Wometa anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

“Amayi, inu ndinu opemphera. Izi sindinauzepo munthu, kuopa kuti anganene kuti ndayamba kusuta. Aphunzitsi aja amabwera.”

“Akuti chiyani ameneyu?” anafunsa wa dazi uja.

“Khala bwino iwe, ndingakudule khutu. Amabwera, amayi! Loweruka lililonse, shopu ili chitsekere, wailesi yanga ikangoyamba nkhani za masana, kuseri kwa khomali kumayamba nyimbo. Osati ya munthu ayi. Tii, tii, tii, ngati limba la ana. Nyimbo zawo zomwe zija. Ine tsitsi limaima, chonsecho ndine wometa.”

“Sunapiteko kukasuzumira?”

“Ine? Wakufa akafuna kumeta abwere yekha.”

“Loweruka lapitali anaimba?”

“Imodzi yokha. Kenaka zii. Kenaka ndinamva diloo ikutseguka, ndi munthu akutsokomola. Ndinati, kodi kumwambako kulinso chimfine?”

A Sajeni anatuluka akumwetulira, koma mutu uli balala. Mzukwa wa wometayo unkabwera thwelofu koloko. Kompyuta inkanena teni. Mmodzi wa awiriwa ankanama, ndipo aliyense akanaloza wometa.

* * *

Atabwerera m'shopu anapeza Namwino atafika, atatola kale makiyi aja, atapinda manja pachifuwa, akuyang'ana kukhoma kuti asaonane maso ndi mlamu wake.

“Tandionetsa umboni wako uja,” anatero a Sajeni.

Namwino analoza. Foda yolembedwa dzina la bambo ake inali yopanda kanthu, ndipo pambali pake panali tsiku la Loweruka ndi nthawi ija.

“Makina sanama, amayi.”

“Mboni iliyonse imafunsidwa, ngakhale ya magetsi.”

A Sajeni anavala magalasi. Pakona ya sikirini, pansi penipeni, panali timanambala ta nthawi. Tinkati thu koloko ndi mphindi makumi awiri. A Sajeni anayang'ana wotchi yapamkono pawo. Anaigwedeza, naiika kukhutu, nayang'ananso.

“Namwino, foni yako ikuti nthawi ili bwanji?”

“Folo koloko ndi mphindi makumi awiri.”

“Tawerenga apa.”

Namwino anawerama. Anawerenga manambalawo kawiri.

“Imbira mchimwene wako. Umuike poti tonse timve.”

Bambo a mapasa anali kutali, kukalumikiza makompyuta a kampani ina. Anayankha ali pamwamba pa makwerero, mawu akudukaduka.

“Wotchi ya ku khomo lopapatiza? Aa, imeneyo musaikhulupirire, amayi. Nyumba ziwirizo zimagawana wotchi imodzi ya mkati, koma zimaiwerenga mosiyana. Yatsopano imaitchera pa nthawi imene dziko lonse lapansi limawerengera, kenaka imawonjezera yokha maola athu awiri. Yakale sidziwa zowonjezerazo, imangowerenga zomwe yapeza. Ndiye nthawi zonse imatsalira ndi maola awiri. Ndinkati ndikonza, koma ndani amayang'ana nthawi kumeneko? Kwagwanji kodi?”

“Palibe. Gwira makwerero bwino, mwananga.”

Foni itaduka, a Sajeni anavula magalasi.

“Ndiye kuti nyimbo zinachoka thwelofu koloko ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Nthawi imeneyo mlamu wakoyu anali ataima kumanzere kwanga ku kwaya, akundiponda chala, ndipo anaphonya notsi yachitatu. Mboni yake ndine. Iwe unali kuti?”

“Ku chipatala, mpaka madzulo,” anatero Namwino ndi mawu ang'ono.

“Ndikudziwa. Ndiye tikufuna munthu wachitatu. Ali ndi kiyi. Maso ake safuna zilembo zazing'ono, n'chifukwa chake wina anamuikira kadontho kofiira. Makutu ake ndi olemera, n'chifukwa chake masipika amaphulika. Ndipo ali ndi chifuwa.”

Mayi a mapasa anabisa nkhope m'manja.

“Ndinalonjeza,” analira. “Anati ndisauze munthu, angawaseke. Amangofuna kumva nyimbo za amuna awo. Ndinawaphunzitsa podina. Ngati afufuta mwangozi, akadziwa kuti ndi iwo, mtima wawo uima. Bola anene ine, alamu. Ine ndine wamng'ono, ndipirira.”

Namwino anatembenuka, nayang'ana mlamu wake m'maso.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene atatuwo anafika kunyumba. Panjira Namwino anachonderera kawiri konse kuti abwerere. A Sajeni anangoti, “Choonadi sichinaphepo munthu m'manja mwanga. Mundisiye ndilankhule ndine.” Koma mumtima ankapemphera: Ambuye, ikani mlonda pakamwa panga.

Anapeza Amayi ake a Namwino pakhonde akusita mkanjo wa kwaya wa malemu amuna awo. Moyo wawo wonse anali telala, ndipo mikanjo yonse ya kwayayo inatuluka m'manja mwawo.

“Ee, anzanga a Sajeni! Mwabwera ndi akaidi awiri? Alakwanji ana angawa?”

“Tikufufuza kaye. Chifuwa chili bwanji?”

“Mukuti?”

“Chifuwa!”

“Chikupita. Musakuwe, sindine gonthi.”

A Sajeni anakhala pambali pawo, nayang'ana chingwe cha makiyi chimene chinali m'khosi mwa mayiwo.

“Achemwali, kiyi wa malemu wa kushopu uja mukadali naye?”

Simbi inaima. Amayi anayang'ana mpongozi wawo, ndipo mtsikanayo anagwetsa nkhope.

“Sanaulule,” anatero a Sajeni. “Mwana uyu ndi bokosi lachitsulo. Wakuululani ndi wometa. Akuti ndinu mzukwa.”

Amayi anaseka mpaka anatsokomola. Kenaka anaimika simbi, napukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

“Chabwino, mwandigwira. Ndimapitako. Nyumba ino imakhala chete kwambiri Loweruka masana, nthawi imene bambo ankayeserera nyimbo. Ndikadina kofiira paja, ndimakhala ngati ndawapeza. Kodi ndi tchimo?”

“Si tchimo. Nanga Loweruka lapitali munachita chiyani?”

“Ndinawasamutsa.”

“Munatani, amayi?” anafunsa Namwino.

“Iwe wemwe, Lachisanu, pa foni ndi mchimwene wako. Unkaganiza kuti sindikumva, koma iwe ukamalankhula ngakhale akufa amamva. Unati kompyuta yadzaza, khomo lakalelo ligwetsedwe mapemphero akatha. Ine ndinati, nyumba ikamagwetsedwa, katundu amayamba watuluka.”

“Koma ndinkatanthauza titasunga kaye nyimbozo kwina!”

“Zimenezo sunanene mokweza.”

“Munasamutsa bwanji, achemwali?” anafunsa a Sajeni.

“Ndinkawaona bambo akuchita. Ubaya kachitsulo kaja m'mbali, uzunguliza nyimbo zonse, ndiye pamwamba pamabwera tizithunzi. Kena n'timapepala tiwiri, kameneko sindikadziwa. Koma kena ndi sizasi. Ine sizasi ndagwira zaka makumi anayi, singandinamize. Ndinadula uku, n'kukamata uko. Nditayang'ana, m'nyumba yakale muli mbee, ndinati zikomo Ambuye, tasamuka bwino.”

Anatembenuza kolala ya mkanjo uja. Mkati mwake munali kathumba kosokedwa ndi ulusi woyera, misoko yake yaing'ono ngati mchenga. Anadula ulusi ndi mano. Fulashi yobiriwira inagwera m'dzanja lawo.

“Ndimati ndikupatseni lero kuti musindikize ya Lamulungu, koma palibe wabwera kudzandifunsa. Kuyambira m'mawa aliyense akungondizemba ngati ndili ndi nthomba. Kwachitika chiyani?”

Namwino anagwada pa simenti, osati pamaso pa amayi ake, koma pamaso pa mlamu wake.

“Alamu, ndinakutchulani wakuba. Ndinakulandani makiyi a shopu imene mwaisunga chaka chonse. Pakamwa panga pandipachika. Ndikhululukireni.”

Amayi anamva zimenezo bwinobwino, osafunsa kuti mukuti. Nkhope yawo inasintha.

“Wakuba? Mwana uyu? Ndiye iwe unangokhala chete, akukunena?”

“Ndinkaopa mtima wanu, amayi,” anatero mayi a mapasa.

“Inenso,” anatero Namwino.

“Tamvani ana awa, a Sajeni! Wina afuna kuthamangitsa mnzake, wina afuna kufera mlandu wa eni, onse akuti akusunga mtima wanga. Kodi ndine dzira? Mtima uwu unaika mwamuna m'manda, ukugundabe. Amene amausunga si inu.” Anakoka mpongozi wawo, namukhazika pamiyendo ngati mwana. “Dzuka iwe Namwino, ubweze makiyi a mwana wanga. Kenaka ubwere undiyeze magaziwo, uone ngati ndafa.”

Mayi a mapasa anatambasula dzanja, nadzutsa mlamu wake. Makiyi analira pang'ono posintha manja.

* * *

M'mawa mwake onse anakumana m'kashopu muja. Manambala atayamba kutsika, Amayi anadina okha batani la kadontho kofiira, mosabisa. Mayi a mapasa anabweza nyimbo zonse m'foda mwake, nasunganso zina m'malo awiri, ndipo ulendo uno anadina timapepala tiwiri tija, apongozi akuonerera mokayika.

Kenaka anatsegula nyimbo yomaliza. Masipika anayamba: tii, tii, tii. Mawu ake anali pansi pa manotsi, ndipo a Sajeni anawawerenga chamumtima asanayambe kung'ung'udza alito:

Ndikachedwa panjira, Mbuye wanga,
mundisungire malo pafupi ndi khomo.

Wometa anasuzumira pazenera, makina ali m'manja.

“Aa! Mzukwa uja ndi uwu? Amayi, mwandichepetsa thupi chaka chonse!”

“Ulape, wometa. Tsiku lina adzabwera weniweni,” anatero Amayi.

Namwino anapukuta misozi, naloza pakona ya sikirini. “Achimwene akabwera akonze wotchi iyi. Yatsala pang'ono kupasula banja.”

“Yapasula ndi wotchi?” anafunsa a Sajeni chapansipansi. Namwino anagwetsa maso, koma mlamu wake anamugwira dzanja.

“Musaikhudze,” anatero Amayi. “Ine ndinaiona kalekale kuti imatsalira, ndipo sindinadabwe. Bambo anuwa ngakhale pa ukwati wathu anachedwa ndi maola awiri, ati ankamaliza nyimbo. Ndinawadikira tsiku limenelo. Pano akundidikira ndi iwo.”

Anakweza masipika mpaka kumapeto, ndipo palibe amene anatsitsa.